Mchira Wosagwira Kanthu

1. Mpando umodzi

Ku kalabu ya ojambula pansi pa nyanja kunalibe amene ankaitanidwa ndi dzina la kusukulu. Aliyense anali ndi lake la m'madzi, ndipo dzinalo munthu sankasankha, linkangomugwera. Mtsikana wa m'nkhani yathuyi ankamutcha Mphenzi, chifukwa akatsika pansi ndi kamera nyali zake zinkang'anima kosalekeza, moti nsomba zinkadziwiratu kuti wafika. Mng'ono wake wa bere limodzi ankamutcha Nangula. Ameneyo akapeza malo pansi ankangoti phee pomwepo mpaka mpweya wa m'thanki utachepa.

Kalabuyo inali m'chinyumba chakale pafupi ndi doko. Mkati munkanunkha mphira wonyowa ndi mchere. Kumanzere kunali mathanki a mpweya, kumanja zovala zakuda zolowera m'madzi zili lendelende pachingwe, pakati pali tebulo lalitali lotsegulirapo makamera. Khoma loyang'anizana ndi chitseko linali la zithunzi. Zambiri za pakhomapo zinali za Mphenzi, ndipo iye sankalola mlendo kutuluka asanadziwe zimenezo.

Ana a kalabuyo sankathamangitsa zinsomba zikuluzikulu. Ntchito yawo inali kujambula tinthu tating'ono timene osambira ena amangotidutsa: tinkhanu tosaposa njere ya chimanga, nkhono zamawangamawanga zopanda chigoba, tinsomba tosuzumira m'mabowo. Kamera ankaitsekera m'bokosi losalowa madzi, kutsogolo kuli galasi lokulitsa zinthu, m'mbali muli nyali ziwiri.

Loweruka lina Aphunzitsi, mkulu wa imvi amene anayambitsa kalabuyo, anabwera ndi uthenga. Akatswiri ofufuza za akamba a m'nyanja ankapita ku zilumba zakutali pa tchuthi chachikulu, ndipo m'sitima yawo munatsala mpando umodzi wa mwana wa kalabu woti akawajambulire tizamoyo ta m'matanthwe. Aliyense anayenera kutumiza chithunzi chimodzi kwa alendowo. Osankha anali alendo omwewo, kuti pasakhale wonena kuti Aphunzitsi akondera.

Mphenzi anamwetulira. Mpandowo anauona ngati wakhalapo kale, mphepo ya kuzilumba ikumuwomba kumaso. Koma Aphunzitsi asanakhale pansi anapita pakhoma paja, nazula chithunzi chake cha nkhanu chimene chinali pakati penipeni, n'kuchisunthira kumbali. Pamalopo anakhomapo cha Nangula.

2. A Bambo Mimba

Chithunzicho chinali cha kakavalo ka m'nyanja. Si kavalo weniweni ayi, ndi kansomba ka mutu wonga wa kavalo, kochepa kuposa chikhadabo cha mwana. Kamakhala pa kamtengo kofiira ka korali, chamoyo cha pansi pa nyanja chophuka nthambi ngati mtengo, ndipo khungu lake limafanana ndi kamtengoko mpaka timatuza tomwe. Kamakulunga mchira pa nthambi n'kugwiritsa, chifukwa kusambira sikadziwa kwenikweni. Pakamtengo pake ndiye pamudzi pake moyo wonse.

Chimene chinamupweteka Mphenzi n'chakuti kamtengo kameneko anakadutsa kambirimbiri osaona kanthu. Nangula anangogona chafufumimba pamchenga, kuyang'anitsitsa nthambi imodzi ndi imodzi, mpaka tsiku lina kadiso kanaphethira, kunena kwake tero. Anapeza tiwiri, kamuna ndi kakazi.

Aphunzitsi anafotokoza kuti mwa tinyama timeneti wotenga mimba ndi mwamuna. Mkazi amaikira mazira m'kathumba ka pamimba pa mwamuna wake, iye n'kumayenda nawo mpaka ana ataswa. Anyamata a m'kalabu anaseka mpaka kugwira nthiti, wina n'kunena kuti lamulo limenelo lisafike kumtunda kuno. Kuyambira tsikulo Nangula ankatchula kamuna kaja kuti a Bambo Mimba, mwaulemu wonse. Ankadikira kuti mimbayo ikule kwenikweni, ndipo chimenecho ndicho chikanakhala chithunzi chake chotumiza.

Kuseka kutatha, Aphunzitsi anagogoda patebulo ndi kachitsulo kawo.

"Ana inu, ndimvereni bwino, chifukwa mpando umodziwu ndikuudziwa, uzunguza anthu mitu. Pansi paja si kwanu. Inu ndinu alendo, ndipo mlendo sasuntha mipando ya eni nyumba kuti iye akhale bwino. Musagwire kanthu. Kachitsulo ndinakupatsani kaja n'kodzichirikizira pamchenga madzi akamakoka, si kotokosera zamoyo. Kanyama kakakufulatirani, dikirani. Kakabisala, dikiranibe. Mpweya ukachepa kasanatembenuke, kwerani, nyanja sisamuka, mudzabweranso. Chinanso, tinyama timeneti tilibe zikope. Inuyo ndikakuwalitsirani tochi m'maso mumatsinzina, koma ito sitingathe. Ng'animitsani nyali pang'ono, kenako mukasiye kapume. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chithunzi chimene wachipeza potokosa ndi bodza lokongola basi, ndipo ine bodza sindikhoma pakhoma panga."

Akanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma anawonjezera mawu amene analowa mwa Mphenzi ngati munga. Analoza Nangula n'kunena kuti aliyense wofuna kuphunzira kudekha akafunse mwana uyu.

Mwana uyu! Mwana amene Mphenzi anamuphunzitsa yekha kuyandama, akulira kuti madzi akumulowa m'mphuno. Mwana amene Mphenzi anachita kumupemphera kwa makolo kuti amulole kulowa kalabu. Lero ndiye wakhala wofunsidwa nzeru.

3. Pa makina osokera

Kunyumba nakonso nkhani inali imodzi yomweyo. Bambo awo, amene ankakonza mainjini a maboti kudoko, akangolowa pakhomo asanasambe n'komwe m'manja ankafunsa kuti anzawo a mimba adzuka bwanji lero. Nangula ankafotokoza ndi manja omwe, bambo n'kumaseka. Za nkhanu za Mphenzi panalibenso wofunsa.

Ndiye panali lamulo la kalabu lakuti munthu satsika pansi yekha. Aliyense amakhala ndi mnzake, kuti mpweya wa wina ukavuta winayo amupatseko wake. Mnzake wa Nangula anali Mphenzi. Choncho ulendo uliwonse Mphenzi ankakhala ali lende kumbuyo kwa mng'ono wake, kuyang'ana zipsepse za kumapazi kwake, nthawi ikutha, kamera yake ili duu. Akakwera m'boti ankavula magalasi mwaukali, ndipo Nangula akati amuonetse zimene wajambula, iye ankati m'maso mukumuwawa ndi mchere.

Kunena zoona Nangula sankadzitama. Chimenecho ndicho chinkanyansa kwambiri. Akanakhala wamatama, bwenzi Mphenzi atapeza poyambira ndewu. Koma munthu wokuyamikira ndi mtima wonse kuti achemwali ndinu munandiphunzitsa, umamuyamba bwanji? Nsanje yosowa potulukira inangomutupira m'mimba.

Mayi awo anali telala, ndipo zovala zong'ambika za kalabu ankazisoka ndi iwo. Masana ena, Nangula atapita kukagula buledi, anamuitana Mphenzi kuti awagwirire mwendo wa chovala pamakina. Anasoka pang'ono, kenako anaimitsa phazi.

"Mwana wanga, ndakhala ndikukuona. Mng'ono wako akamayamikiridwa, iwe umayang'ana pansi ngati wataya singano. Usakane, ndinakubereka ndine. Nsanje imayamba ngati kaulusi aka kotuluka pamsoko. Umati ndingokakoka kamodzi kachoke, koma ukakoka msoko wonse umamasuka, chovala n'kukhala nsanza. Tandiuza, mwana uja wakubera chiyani? Maso ako ali pomwepo, kamera yako ili pomwepo. Iwe dzanja lako n'lofulumira, lake n'lofatsa, zala sizilingana. Unamugwira dzanja ndiwe pomulowetsa m'madzi, ndiye akamachita bwino ulemu wina ndi wako, koma iwe ukuutaya wekha. Mpando wa m'sitimawo utha ndi tchuthi. Uyu ukhala naye mpaka nonse mutamera imvi, ife kulibe. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona sichiola, koma usaiwale kuti fupa limathyoka, ndipo likathyoka silichira msanga."

Mphenzi anayankha kuti wamva, ndipo anawonjezera kuti iye alibe nsanje ndi mwana. Mayi anangoponda makina n'kupitiriza kusoka.

4. Chimfine

Loweruka lomaliza zithunzi zisanatumizidwe, Nangula anadzuka mphuno zitatsekeka. Anayesa kubisa. Anamwa madzi otentha, anamina mobisa kuseri kwa nyumba, anafika kukalabu akumwetulira. Koma pamene ankanyamula thanki anayetsemula, Aphunzitsi ali pomwepo.

Munthu wa chimfine satsika pansi, ndipo pa lamulo limeneli Aphunzitsi sankamva za munthu. Madzi akuya amakanikiza makutu, ndipo mphuno zikatsekeka mpweya sufika kukhutu, moti mkati mwa khutu mungathe kuphulika. Nangula anachonderera kuti atsika pang'onopang'ono, kuti mimba ija tsopano yafika pachimake, kuti sabata yamawa kudzakhala kutachedwa. Aphunzitsi anamulanda thanki n'kumuuza kuti khutu alibe lina losinthira.

Nangula anakhala pabenchi misozi ili chuchuchu. Mphenzi anamva chisoni, inde, koma pansi pa chisonicho panali kanthu kena kofunda kamene sakanakauza munthu.

Anthu akukwera boti, Nangula anapukuta m'maso, namasula galasi lake lokulitsa zinthu. Linali labwino kuposa onse a m'kalabu, ndipo Aphunzitsi anamubwereka iye chifukwa cha kuchepa kwa kakavalo kaja. Analiika m'manja mwa mkulu wake.

"Achemwali, mukawaoneko a Bambo Mimba. Mukandijambulireko kamodzi kokha, ndingoona mmene akuliramo. Koma mukapeza afulatira, asiyeni, sakonda kuvutitsidwa."

Mphenzi analandira galasilo n'kuvomera. Tsikulo anamupatsa mnzake wina wotsika naye, mnyamata wa kalasi yake wotchedwa Thovu, amene ankapuma mwaphuma n'kumaliza mpweya anzake onse asanafike pakati.

5. Pansi

Anatsika motsatira chingwe cha boti. Kuwala kunkachepa, madzi akuzizira, ndipo chomveka chinali kupuma kwawo kokha. Atafika pamchenga Thovu anaona nsomba ya mizeremizere pakhomo pa phanga lake, n'kuiwala za dziko lonse. Mphenzi anamukodola kuti ali chapafupi, napita patsinde pa thanthwe pomwe panali kamtengo kofiira kaja.

Anafunafuna mpaka anakapeza. Nangula sananame, mimba inali itatupa ngati iphulika. Koma kakavaloko kanali kuseri kwa nthambi, katafulatira, kakungoonetsa msana.

Mphenzi anadikira. Tisamunamizire, anadikiradi, koma kudikira kwake kunali kwa munthu woima pamoto. Anayang'ana wotchi ya mpweya. Anayang'ana kwa Thovu, amene thovu lake linkakwera ngati madzi owira. Nthawi inali kutha, ndipo kanyamako kanalibe nazo ntchito.

Anasolola kachitsulo kaja. Poyamba anangokankha nthambi pang'ono kuti aone bwino. Kakavalo kanatembenuka, iye n'kung'animitsa nyali. Kanatembenukira kwina kuthawa kuwalako, iye n'kukatsatira, kung'animitsanso, kung'animitsanso. Dzina lake lija sanalipeze pachabe.

Atayang'ana pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera, mtima unagwa. Zithunzizo zinali zabwino, koma zinkafanana ndi cha Nangula cha pakhoma chija: kanyama kofiira pakati pa nthambi zofiira. Aliyense akanati wangotsanzira mng'ono wake. Mkulu kutsanzira mwana, anthu akuona? Zimenezo ndiye ayi.

Apa ndi pomwe msoko unamasukira. Analowetsa nsonga ya kachitsulo pakati pa nthambi n'kukhudza pamchira. Mchira unagwiritsa. Anakankhanso mwamphamvu pang'ono, kanthambi kena n'kuthyoka, ndipo mchira uja unamasuka.

Kakavalo kanayandama pamadzi, kokhakokha, kumbuyo kwake kuli mdima wa madzi akuya. Kanali katatembenukira kwa iye, maso ali tong'o, mimba ili patsogolo, mchira utapindika osagwira kanthu. Chala cha Mphenzi sichinachedwe. Nyali zinang'anima.

Atatsitsa kamera kuti akabwezere pakamtengo, sanakaonenso. Kudzera m'galasi kanthu kaja kankaoneka kakakulu ngati dzanja, koma ndi maso chabe kanali kachitsotso m'nyanja yonse, ndipo madzi ankakoka kulowera kwakuya. Anatembenukira uku ndi uku, kupalasa ndi manja, zipsepse zake zikuvundula mchenga. Pafupi pomwepo tinsomba tanjala tinkazungulira monga mwa masiku onse, kutola chilichonse choyandama.

Kenako anamva kugogoda pathanki. Anali Thovu, akumuonetsa wotchi yake kuti mpweya wamuthera, chala chachikulu chikuloza kumwamba. Mnzako akati tikwere palibe kukambirana. Anakwera.

M'boti, anzake akupukuta tsitsi ndi kusimbirana zimene aona, Mphenzi anafundira thaulo kumutu n'kuyatsa kamera. Chithunzi chomaliza chija chinali chokongola kuposa chilichonse chimene anajambulapo, kuposanso chilichonse cha pakhoma la Aphunzitsi. Batani lofufutira linali pansi pa chala chake. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anazimitsa kamera osafufuta.

6. Ali bwino

Anapeza Nangula atagona pampando wa pabalaza, atafunda nsalu, mphuno ili psuu. Asanavule n'komwe nsapato, funso linali litafika kale: a Bambo Mimba ali bwanji?

"Ali bwino," anatero Mphenzi, akuyang'ana zingwe za nsapato. "Koma anafulatira, ndiye ndawasiya. Sindinajambule."

Nangula anamuthokoza chifukwa chowasiya. Anati anadziwa kuti achemwali ake sangawavutitse, ndipo anawonjezera kuti iye angotumiza chithunzi chake chakale chija, palibe kanthu. Mawu othokozawo Mphenzi anawamva ngati mbama. Anathawira kuchipinda ponamizira mutu.

Mawa lake anatumiza chithunzi chija kwa alendo. Anadziuza kuti kanyamako mwina kanapeza kamtengo kena, kuti nyanja ndi yaikulu, kuti ndi kansomba chabe kosakwana n'komwe pa mbedza. Munthu akafuna kudzinamiza zifukwa sizisowa. Sabata yonseyo anakhala wokoma mtima modabwitsa: ankamuphikira mng'ono wake tiyi, kumuchapira yunifolomu, kumusiyira malo a pawindo. Mayi ankangomuyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

7. Tsiku losankha

Loweruka lotsatira masana, mawindo a kalabu anatchingidwa ndi mathaulo kuti mukhale mdima. Makolo anakhala pamabenchi, ana pansi. Alendo anabwera ndi makina oonetsera zithunzi pakhoma, ndipo wowatsogolera anali mayi wamtali wa mawu ofatsa. Iye anavomera yekha kuti za akamba amazidziwa, koma tinthu tating'onoti n'tachilendo kwa iye, n'chifukwa chake ankafuna wojambula wa maso akuthwa.

Zithunzi zinayamba kudutsa. Nsomba ya Thovu inatuluka theka, mutu uli m'phanga, anthu n'kuseka. Cha Nangula chitafika anawomba m'manja, bambo ake mokweza kuposa onse. Kenako khoma linada, ndipo pakati pa mdimawo panaoneka kakavalo kofiira, kakakulu ngati munthu, kali kokha, mimba ili tuwii.

Mayi wamtali uja anati sanaonepo chithunzi chotere, ndipo panalibenso chokambirana: mpando unali wa amene anajambula ichi. Atatchula Mphenzi manja anawombedwa. Bambo anaimirira, kuuza oyandikana nawo kuti onse awiriwo ndi ana awo. Ichi ndicho Mphenzi ankachilota masabata onsewa, koma chitafika sanathe ngakhale kumwetulira. Maso ake anali pa Nangula, amene anali atakhala kutsogolo osawomba m'manja, akuyang'anitsitsa pakhoma monga ankayang'anira nthambi pansi pa nyanja.

Aphunzitsi anadzuka pang'onopang'ono. Anayenda mpaka pakhoma, naloza ndi kachitsulo kawo m'munsi mwa chithunzi.

"Mwana wanga, mchira uwu wagwira chiyani?"

Mphenzi anayankha kuti kanyamako kanadzimasula kokha, kakuchoka pa nthambi ina kupita pa ina, ndipo iye anangochita mwayi. Aphunzitsi anati zaka zawo m'madzi n'zambiri, koma tinyama iti atiwona kochepa, ndipo m'nyumbamo munali munthu mmodzi yekha amene anakhala nato nthawi yaitali. Anatembenukira kwa Nangula.

"Iwe ndiye umawadziwa a Bambo Mimba. Amatero?"

Nangula anaimirira. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana bambo ake amene anali chiimire ndi chimwemwe chawo, anayang'ana mayi ake. Mkulu wake yekha ndiye sanamuyang'ane.

"Nthawi zina amatero, Aphunzitsi. Akamapita kwa akazi awo."

Aphunzitsi anamuyang'ana kanthawi ndithu, kenako anagwedeza mutu n'kukhala pansi. Manja anawombedwanso. Mayi wamtali uja anagwira Mphenzi chanza n'kumuuza kuti ayambe kulongedza.

8. Pa mgolo wotsukira

Kuseri kwa kalabu kunali mgolo wa madzi opanda mchere wotsukiramo zipangizo. Anthu akumwa zoziziritsa kukhosi mkati, Mphenzi anatuluka n'kupeza Nangula ali pamgolopo, akutsuka magalasi amene anali oyera kale.

Mphenzi anayamba kulankhula zothokoza. Nangula sanadzutse mutu.

"Akamapita kwa akazi awo amadutsa m'kati mwa nthambi, achemwali. Pa chithunzi chanu palibe nthambi ngakhale imodzi. A Bambo Mimba ali kuti?"

Madzi ankadontha kuchokera pampopi kugwera mumgolo.

"Nanga akazi awo munawasiya bwanji?"

Funso limeneli ndilo linamumaliza Mphenzi. Akazi awo! Pansi paja sanawafunefune n'komwe, sanawakumbukire ngakhale pang'ono. Nangula anaona yankho pankhope pake, ndipo misozi imene anaigwira mkati muja inatsika mwakachetechete.

"Ndanama chifukwa cha ababa ndi amayi, osati chifukwa cha inu. Mpandowo tengani, mukanandipempha ndikanakusiyirani. Koma pansi sindidzatsikanso nanu. Munthu wotsika naye ndi amene umamukhulupirira ndi mpweya wako."

Ananena mofatsa, osakweza mawu, ndipo kufatsako kunapweteka kuposa kutukwana. Mphenzi anali ndi mpando wake tsopano, chithunzi chake chinali kubwerera pakati pa khoma, ndipo anaima pamgolopo ngati wolandidwa zonse. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chitseko cha kuseri chinatseguka. Anali Aphunzitsi, kumbuyo kwawo kuli mayi wamtali uja, nkhope ili ngwee ndi chidwi. Aphunzitsi anati mlendo wawo wapempha chinthu chimodzi ulendo usanachitike: akufuna kukaona kanyama kotchukako ndi maso ake. Popeza chimfine cha Nangula chatha, mawa m'mawa atsika onse anayi.

"Ndipo utitsogolere ndiwe, Mphenzi," anatero Aphunzitsi, akumuyang'ana m'maso. "Paja ndiwe unawaona komaliza."

Mphenzi anatembenukira kwa mng'ono wake, monga munthu amatembenukira kwa mnzake pansi pa madzi mpweya ukamuthera. Nangula anali atawerama pamgolo, akutsukabe magalasi aja.